Tsiku Limene Njiri Inapereka Tambala

M'mudzi wina umene sitiutchula dzina, poti eni ake adakali moyo ndipo ena mwa iwo amadziwa kuwerenga, munali bungwe lolemekezeka la anthu okonda makatuni a nthano, aja a mafumu, ana aakazi a mafumu ndi nyama zoyankhula. Makatuniwa anabwera m'mudzimo chifukwa cha ana. Koma tsiku lina mvula inatsekereza akuluakulu pakhonde la nyumba ya kanema, iwo n'kusuzumira m'kati, ndipo sanatulukemonso. Posakhalitsa anakhazikitsa lamulo loti ana asamalowe, poti amasokosa komanso amaseka pamalo polira. Kuyambira pamenepo ana ankaonera pa ming'alu ya chitseko, makolo awo ali pa mabenchi, mipango yopukutira misozi ili m'manja.

Mkulu wa bungweli anali Bambo Kamtedza, mwini nyumba ya kanemayo, amene pa misonkhano ankatchulidwa kuti Wapampando Wamuyaya, Mlangizi Wamkulu wa Zachikondi, komanso Msungi wa Rimoti. Pa kulira, bambowa analibe mnzawo. Filimu ikatha ankaimirira, maso ali psuu, n'kufotokoza phunziro lake ngakhale kwa anthu amene anaionera kambirimbiri. Phunzirolo linali limodzi nthawi zonse: chikondi sichiyang'ana nkhope, sichiyang'ana m'thumba, chimayang'ana mtima.

Tsoka lake, phunziroli linkathera pachitseko cha nyumba ya kanema. Mwana wawo wamkazi, Ndaziona, anali m'chikondi ndi Sinoya, mnyamata wa kabaza, amene chuma chake chonse chinali njinga yakapalasa ndi pampu yobwereka. A Kamtedza sankafuna n'kumva komwe dzina lake. Ankhoswe akati akumane, iwo ankapeza maliro oti apiteko, ngakhale a munthu amene sanamuonepo. Mkamwini wa kumtima kwawo anali a Chidzanja, mwini chigayo, munthu wa mimba yake, amene anakhala akufunsira Ndaziona n'kumakanidwa. A Chidzanjawa ndi Sinoya anali pachibale: amayi awo anali munthu ndi mng'ono wake, kotero malume wawo anali mmodzi, a Malikebu. Ubalewu a Chidzanja ankaukumbukira pokhapokha akafuna munthu womutuma.

Itafika nyengo yotentha, bungwe linalengeza Msonkhano Waukulu Woyamba wa Okonda Makatuni, n'kuitana midzi yonse yoyandikana nayo. Aliyense anayenera kubwera atavala ngati munthu kapena nyama ya m'filimu imene amaikonda. Amayi anatsitsa maneti a udzudzu n'kusoka madiresi aatali okwekwereza pansi, ndipo udzudzu wa m'mudzimo unanenepa sabata imeneyo. Zipewa zachifumu zinadulidwa ku makatoni a sopo. Vuto linabuka pa mfiti. Filimu iliyonse imakhala ndi mfiti yake, koma panalibe amene analola kuvala ngati mfiti, podziwa kuti maliro otsatira onse adzakhala pamutu pake. Komiti itakambirana mozama inagamula kuti mfiti iimiridwe ndi mpando wopanda munthu, umene anaupaka makala n'kuuika pakati pa bwalo.

Pachimake pa msonkhanowo panayenera kukhala sewero la filimu yokondedwa koposa m'mudzimo. Inali ya kalonga amene mfiti inamusandutsa njiri. Mwana wamkazi wa mfumu anamuvomera ali njiri choncho, utsi unafuka, njiri n'kusanduka mnyamata wokongola, awiriwo n'kukwatirana. Apa mpamene Wapampando anadandaula. Anati m'mafilimu onsewa sanaonepo nkhoswe ngakhale mmodzi, ndipo zimene azungu amazitcha ukwatizo kwathu kuno timati kuthawitsana. M'mudzi wa anthu aulemu, anatero, ngakhale ukwati wa m'sewero uyenera kukhala ndi ankhoswe enieni, tambala weniweni ndi thadzi lenileni. Komiti inaomba m'manja. Kenako inavomerezanso, popanda wotsutsa, kuti mwana wa mfumu akhale Ndaziona, njiri ikhale a Chidzanja.

Munthu aliyense wobadwira kuno amadziwa kuti nkhuku imene ankhoswe adya pamaso pa anthu sidziwa zoti linali sewero. Ndaziona anazindikira msamphawu nthawi yomweyo. Anathamangira kwa malume ake, a Mtambalika, koma iwo anali atayamba kale kugayitsa chimanga chaulere kuchigayo kwa a Chidzanja, ndipo anamuuza kuti asade nkhawa ndi masewera. Mtsikanayo analira mpaka mutu kuwawa. Pomaliza anatsimikiza mumtima kuti pa tsikulo adzakana pamaso pa midzi yonse, ngakhale ankadziwa kuti mwana wochititsa bambo ake manyazi otero sagonanso m'nyumba mwawo.

A Kamtedza nawo sanagone tulo. Ankamudziwa mwana wawo, ndipo nkhope ya a Chidzanja ankaidziwanso. Anaona kuti n'kosavuta mtsikana kuvomera njiri kusiyana ndi kuvomera nkhope imeneyo. Choncho anakonza mumtima mwawo kuti chinkhoswe chisadikire kumapeto monga anagwirizana, koma chichitike pakati pa sewero, mkamwini adakali m'chikopa. Nzeru imeneyi sanauze munthu, ngakhale a Chidzanja amene.

Tsiku linafika, dzuwa likuswa mtengo. Bwalo linadzaza ndi mafumu a zipewa za katoni ndi ana a mafumu, ena mwa iwo a zidzukulu zawo kale. Ogulitsa mandasi ndi thobwa anali m'mbali, ana atathamangitsidwira m'mitengo ya mango. Mwambo unayamba ndi zoyankhula, monga iyenera kuyambira misonkhano ya anthu otukuka. Woyankhula aliyense ankayamba walonjera Wapampando ndi maudindo awo onse atatu, kenako achiwiri awo, kenako mpando wa mfiti, poopa kuulakwira. Panali mpikisano wa kulira, umene Wapampando anapambana ataweruza okha. Panabukanso mkangano woopsa pakati pa midzi iwiri, wofuna kudziwa ngati nsomba yoyankhula ya m'filimu ina ingadyedwe kapena ayi, ndipo unatha pamene mfumu ina inamenya inzake ndi ndodo yachifumu ya bango.

Nthawi yonseyi a Chidzanja anali kuseri kwa nsalu yotchinga, pafupi ndi jenereta, akuyang'ana chovala chawo. Chinali cha zikopa za mbuzi zosauma bwino, zosokedwa pa thumba la feteleza, mutu wake wa chipanda ndi minyanga ya chinangwa. Ntchentche zinali zitachipeza kale. Atangolowetsa mwendo umodzi thukuta linayamba kutsika, ndipo anakumbukira kuti afunika kukwawa ndi maondo pamaso pa anthu amene amawagwadira kuchigayo. Munthu wolemera sachita yekha ntchito imene angatume mnzake. Anakodola Sinoya, amene anabweretsa chovalacho panjinga.

"Vala iwe. Ukakwawe, ukalire ngati njiri. Utsi ukafuka uthamangire kuno, ine ndituluke ndi suti. Za ankhoswe ndi zanga. Usauze munthu."

Sinoya anavala, poti mkulu ndi mkulu. Mtima unamuwawa kwambiri, pakuti ankapita kukakwawa pa fumbi kuti wina akwatire mkazi amene iye ankamukonda.

Sewero linayamba. Njiri inatulukira ikukwawa, ikufwenkha nthaka, anthu n'kumanong'onezana kuti a Chidzanja aonda ndi chikondi. Ndaziona anaima mu neti yake, nkhope ili ngati ya namfedwa, maso ali pansi kuti asaone chinyamacho. Ndipo poti maso anali pansi, anaona phazi limene linatulukira kunsi kwa chikopa. Pakakolo pake panali chipsera chimene tcheni cha njinga chinasiya, chimene iye mwini anachitsukapo ndi madzi a mchere.

Pomwepo Wapampando anakweza rimoti m'mwamba, chizindikiro chakuti zonse ziime, n'kuitana ankhoswe. Monga mwa mwambo, anafunsa a Malikebu ngati wobisika m'chikopayo anali wawodi. Mkuluyo anawerama, nayang'ana phazi lija nthawi yaitali, kenako anayang'ana Ndaziona.

"Phazi ili ndikulidziwa," anatero a Malikebu. "Ndi mwana wa mlongo wanga ameneyu."

Sananame. Wapampando anatembenukira kwa mwana wawo, mtima uli m'mwamba, n'kumufunsa ngati akuivomera njiriyo. Ndaziona anagwada mwaulemu.

"Ababa, ndifunse kaye. Nanga akavula chikopachi n'kupezeka kuti si kalonga? Akapezeka wosauka, wopanda kanthu, inu mudzamulandira?"

A Kamtedza anamva kukoma mpaka m'mafupa. Anaona kuti zaka zonse za maphunziro awo zabala zipatso, ndipo mwayi woyankhula pa chinthu chokuzira mawu sunali woutaya. Misozi ikutsika, anakumbutsa midzi yonse kuti chikondi sichiyang'ana nkhope, sichiyang'ana m'thumba. Akanalekera pomwepo bwenzi zili bwino, koma anthu anali kuomba m'manja, ndipo kunena kwa ndithendithe nanthambwe anadzitengera.

"Imvani nonse, ndipo mukhale mboni," anatero. "Amene ali m'chikopa ichi, kaya ndi ndani, kaya ali ndi chiyani, ndiye mkamwini wanga. Wodzatsutsa mawu amenewa ndi mfiti, ndipo malo ake ndi pampando uwo."

Ndaziona anavomera mokweza, mwakuti ana a m'mitengo ya mango anamva. Nthungululu zinalira. Njiri inalandira tambala kwa a Malikebu n'kumupereka kwa a Mtambalika, iwo n'kubweza thadzi. Nkhuku yootcha inabwera m'mbale, ankhoswe awiriwo anagawana n'kudya anthu akuona. Kuseri kuja a Chidzanja ankangomva phokoso la jenereta, akukonza tayi ndi kupukuta nsapato.

Kenako anyamata anayatsa masamba aawisi n'kuwaza ufa wa m'chigayo m'mwamba, utsi wa matsenga n'kudzaza bwalo. Njiri inati ithawire kuseri monga inalamulidwa, koma Ndaziona anali ataigwira dzanja, ndipo sanalisiye. Utsi utapunguka, anthu anaona zimene sizinachitikepo m'filimu iliyonse. Kalonga anali ataima pakati pa bwalo, ali mu suti, chipewa cha katoni kumutu, manja atatambasula, ufa uli mbuu m'nsidze. Pambali pake njiri inali idakalipo.

A Malikebu ndiwo anapita modekha n'kuchotsa chipanda chija, ndipo mutu wa Sinoya unatulukira, thukuta lili chuchuchu. Woyamba kuseka anali mwana wina mumtengo, kenako midzi yonse inagwa nacho chikhakhali. A Chidzanja anayamba kukalipa kuti iwo anangobwereketsa chikopa, sanabwereketse mkazi. A Malikebu anawayankha kuti amene wakwawa ndi amene wakwatira, ndipo kwa iwo zinali chimodzimodzi poti onse ndi ana a alongo awo.

Wapampando anathamangira kwa a Mtambalika.

"Alamu, inu mukudziwa, linali sewero chabe ili."

A Mtambalika anayang'ana khamu la mboni, nayang'ana fupa limene linali m'dzanja lawo. Chigayo chaulere anachilira mumtima, koma munthu sungakane nkhuku idakali m'mano.

"Sewero ndiye linalipo, alamu," anatero akuyamwa fupalo. "Koma nkhuku ndadyayi sinali ya sewero. Ndipo munaitanitsa yeniyeni ndinu."

A Kamtedza anaona kuti zawathera. Anabwerera chambuyo kufuna pokhala, n'kugwera pampando wokhawo umene unali wopanda munthu m'bwalo lonse. Ataona mmene anthu akuwayang'anira, ndi makala amene anadetsa thalauza lawo, anadzambatuka ngati akhalira moto, n'kupita kukagwira chanza mkamwini wawo. Madzi akatayika saoleka. Ndaziona anakwera pakaliyala ya njinga, neti yake atapinda m'manja kuti isakodwe m'masipoko, ndipo njiri inapalasa kupita naye kukaonekera kwa apongozi.

Patapita masiku ochepa bungwe linakumana mwadzidzidzi. Wapampando Wamuyaya, amene maso awo tsopano anali ouma, anafotokoza kuti atafufuza mozama apeza kuti makatuni alibe phunziro lililonse, ndipo munthu wamkulu wa nzeru zake sangataye nthawi kuonera zidole. Zimenezi, anatero, ndi za ana. Komiti inaomba m'manja monga mwa nthawi zonse, n'kudzithetsa yokha.

Madzulo a tsiku lomwelo chitseko chinatsegulidwa. Ana analowa, nakhala pa mabenchi kwa nthawi yoyamba chikhazikitsireni lamulo lija, n'kupempha filimu ya njiri. Itafika paja mwana wa mfumu amavomera, paja makolo awo ankalira, iwo anaseka mpaka kugwa pansi. Msungi wa Rimoti anali pakhomo, akuyang'ana kumsewu, ndipo sanawaletse.