Tsiku Limene Apongozi Anakankha Galimoto Yanga

Mpaka lero ndikamadutsa pamsika wa Mitundu ndimayenda chozolika. Anandipalamulira zimenezi si munthu wina ayi, ndi manja angawa.

Ndine mphunzitsi wa masamu, koma nditagula kagalimoto kanga ka otomatiki ndinayamba kudziona ngati injiniya. Makaniko wina pamsikapo atandiuza kuti oyilo wa giyabokosi wada, afunika kusintha, ndinaseka chamumtima. Kumasula bawuti n'kuthira oyilo kungafunenso katswiri? Ndinaonera kavidiyo pa foni (kawiri konse, musandiderere) n'kukagula oyilo wofiira uja.

Loweruka lake kunali chinkhoswe cha mlamu wanga paholo ina ku Nathenje, ndipo ndinadzipereka kunyamula iyeyo ndi apongozi onse awiri. Apongozi aamuna ankakonda kunena kuti mkamwini wawo manja ake ndi a choko basi. Ndinkafuna kuwatseka pakamwa.

Lachisanu masana ndinakwawira kunsi kwa galimoto, n'kukhetsera oyilo wakale m'beseni lochapira la akazi anga (mlandu wa beseniwo sunathebe). Nditatsegula boneti ndinaona chitsekerero chachikulu pamwamba pa injini, chojambulidwa kaketulo kodontha. Ndinakhuthulira oyilo watsopano yense mmenemo.

"Bambo a Chikondi, mwathira malo ake?" anafunsa akazi anga.

"Za magalimoto tisiyireni eni akefe," ndinayankha. Paja safunsa anadya phula.

M'mawa tinauyamba pamsewu wafumbi. Sitinapite patali, galimoto inayamba kunjanja, utsi kumbuyo kuli tolotolo. Pakamtunda kena injini inkangolira koma matayala osasuntha. Ndinazimitsa msanga.

"Akamwini, chavuta n'chiyani?" anafunsa apongozi aamuna.

"Ndi batire chabe, bambo," ndinanama.

"Aa, basi tikankhe, ilira!"

Apa m'pamene pali manyazi anga enieni. Ndinkadziwa bwino lomwe kuti otomatiki siilira ndi kukankha, koma ndinangowalola. Anatsika onse. Apongozi aakazi, munthu amene chikwatirire sindinamuyang'anepo m'maso, anamanga chitenje chawo chatsopano m'chiuno. Ine ndili phee pachiwongolero, ndinkawaona pagalasi thukuta lili kamukamu, mwini chinkhoswe naye akubuula pambali pawo.

Kenako panatulukira njinga yamoto. Mwa anthu onse a m'dziko muno, anali makaniko uja. Anasolola kachitsulo koyezera oyilo wa giyabokosi: kouma gwa. Ka injini: konyowa mpaka m'khosi.

"Aphunzitsi, oyilo wa giyabokosi mwamwetsa injini!" anakuwa ngati akulengeza maliro. "Nanga mukuvutitsiranji makolowa? Si ndinakuuzani tsiku lija kuti otomatiki sakankha?"

Ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

Mlamu wanga anakafika kuchinkhoswe chake panjinga yamoto, mochedwa, tsitsi lili mbuu ndi fumbi. Apongozi anatsatira pa kabaza. Ine ndinabwerera ku Mitundu ndikukokedwa ndi ng'ombe ziwiri za pangolo, kudutsa pakati pa msika dzuwa likuswa mtengo.

Galimoto inakonzedwa, ndipo boneti sindiigwiranso. Mwezi wathawu ndinapeza apongozi aakazi akuyenda wapansi kuchokera kuchigayo, thumba la ufa lili pamutu. Ndinaima n'kuwatsegulira chitseko mwaulemu wonse. Iwo ananjuta, n'kuyang'ana kumbali.

"Zikomo akamwini, pitani bwino. Lero msana ukundipweteka, sindingathe kukankha."