Malata Anga Ali mu Wailesi

Lolemba
Ndine Zuze wa ku Marka, zaka makumi asanu ndi awiri ndi zina zimene ndinaleka kuwerenga. Zilembo ndinaphunzira ndili ndi imvi kale, ku sukulu ya kwacha, ndiye cholembera chimayenda ngati ngolo ya ng'ombe zotopa. Kope ili anandisiyira mwana wanga Esinta wa ku Blantyre, ati ndizilembamo zondichitikira.

Lero chachitika. Wailesi yanena mtengo wa boma wa nandolo! Wogula motsika kuposa pamenepo, ati, athana naye. Ine matumba anayi ali pakona. Ndikawayang'ana ndikuona malata makumi awiri. Zaka zonsezi mvula imalowa m'nyumba mwanga osaodira. Chaka chino igogoda padenga, ine nditagona chagada, kumangomvera ngati ng'oma zakutali.

Lachiwiri
Thumba limodzi pa njinga, ulendo ku msika wa boma. Ndapeza izi: loko pachitseko, mbuzi ziwiri pamthunzi, sikelo yofunditsidwa chiguduli. Mlonda akuti, "Ndalama zogulira sizinafike, agogo. Mwina mwezi wamawa."

Mwezi wamawa mitambo idzakhala itasonkhana kale kutsidya kwa Shire.

Pobwerera ndaima pa sitolo, ndasisita lata limodzi. Lotentha ngati chiwaya. Kukongola kwake!

Lachitatu
Venda wa pansi pa mtengo wa nimu akugula theka la mtengo wa boma. Ndaganiza ndekha kuti mwanayu mwina alibe wailesi, tisamuweruze. Ndabwerera kunyumba, ndatenga yanga, ndakhala nayo pambali pa sikelo yake mpaka nkhani za masana. Wamvera mwaulemu ndithu, chipewa m'manja. Zitatha akuti, "Madala, mtengowo ndi wabwino zedi. Kagulitseni mu wailesimo."

Akutinso dziko lina la kutsidya kwa nyanja, limene limadya nandolo wathu, lakolola wake wambiri, ndiye latseka chitseko. Anthu amenewo sindinawaonepo, sitinayambanepo, koma anditsitsira malata khumi padenga.

Lachinayi
Alamu anga a tsidya la Mozambique atumiza mawu: kwawoko ogula akulipira bwinoko. Njira yake ndi yomwe ndinayenda pokafunsira amake Esinta, ndimaidziwa ndi chitsa chomwe.

Pachipata cha malire msilikali akuti mbewu siituluka m'dziko popanda chiphaso, ndipo chiphasocho chili ku Lilongwe. Ndamuuza kuti sindikupita kunja ine, ndikupita kwa alamu. Waseka mpaka misozi, koma yankho ndi lomwelo, nkhabe, sizitheka.

Tili chilankhulire, mbuzi yatola nandolo wotayika pathumba langa, yawoloka naye m'mimba. Osaifunsa kanthu!

Lachisanu
Msonkhano wa alangizi a zaulimi. Ati boma latikumbukira. Dzina langa lilipo! Thandizo lake: feteleza wotsika mtengo ndi mbewu ya chimanga. Koma munda wanga ndi wa mapira ndi nandolo, chimanga kwathu kuno chimapsa chisanabereke. Ndaimika mkono, ndafunsa ngati feteleza wangayo angamusinthe ndi wogula mmodzi. Anthu aomba m'manja. Alangizi alemba m'buku mwawo.

Masana ndawodzera pakhonde. Ndalota nandolo wanga ali m'sitima ya pamadzi, ine pamwamba pa matumba, nditavala chipewa cha lata. Nyanja yonse phee.

Loweruka
Amake Esinta akuti, "Bambo, tabwerani mudzamve." Khutu pathumba. Tche, tche, tche. Anankafumbwe! Ogula awa safuna sikelo, safuna chiphaso, sadikira mwezi wamawa.

Ndabwereka ngolo, ulendo wa kwa venda uja. Wamiza dzanja m'thumba, latuluka ndi ufa. Watsitsanso mtengo. Matumba awiri watenga, awiri wakana.

Malata atatu. Ndawakhoma pamwamba pa mphasa pomwe timagona. Kwinako ndi udzu womwe uja.

Lamulungu
Ndiwo lero ndi nandolo. Mawa nandolo. Amene anankafumbwe atisiyira.

Titabwera ku tchalitchi amake Esinta akuti, "Lowani, gonani chagada, tsinzinani." Ndamvera. Iwo atuluka ndi ndowa, ayamba kuwaza madzi pa malata ndi kapu. Waaa! Tho, tho, tho. Mvula ya makapu asanu, chifukwa mjigo uli kutali. Koma ikumveka ndendende momwe ndimaganizira zaka zonsezi.

Basi, mutu sudzanyowa. Miyendo idziwa yokha chochita.

Esinta mwanawe, kope ili ndipatsira wa minibasi. Ukawerenga undiyankhe, zilembo zikhale zazikulu. Poti uli kutauni, undifunsireko: bambo wa mu wailesi uja amagulira pati? Matumba awiri akadalipo.