Sipuleya ya Apongozi

Mpaka lero ndikapita kwa apongozi anga ndimakhala kumapeto kwenikweni kwa mphasa, ndipo akandilonjera ndimayankha maso ali pa zala zakumapazi. Anthu amati ndine mkamwini waulemu. Akanadziwa.

Ine ndimalima mbatata ya kachewere kufupi ndi Lizulu, koma matenda anga ndi mafilimu. Osati achikondi ayi. Ndimakonda aja a umbanda ochitika zaka zam'tsogolo, m'mizinda momwe galimoto zimauluka ngati akhungubwi, wapolisi wofufuza atavala jasi lalitali akusakasaka munthu amene waba makina oopsa. Tsiku la msika ndikagulitsa mbatata, ndimakadzazitsa mafilimu otere mu foni. Nditaonera ambiri ndinatulukira chinsinsi chake, kuti onse amayenda njira imodzi ngati ng'ombe zopita kudambo. Poyamba chinthu chimasowa. Woyamba kumuganizira amakhala wosalakwa. Pakati penipeni wofufuza amapeza kanthu kamene kamatembenuza nkhani yonse, kenako wina amamuchenjeza kuti asiye. Pomaliza amasonkhanitsa anthu n'kuloza chala. Ndinafika poti filimu ikangoyenda mphindi khumi ndinkatchuliratu wakuba (mkazi wanga, mayi a Tadala, anasiya kuonera nane pa chifukwa chimenechi).

Chaka chatha mvula itachuluka, chiwawu chinalowa m'munda mwanga, masamba a mbatata akuda ngati awauka ndi moto. Sipuleya yopopera mankhwala ine ndilibe. Ndinatenga njinga, mayi a Tadala pakaliyala, ulendo wa kwa apongozi kukabwereka yawo monga ndinachitira chaka chinacho.

Apongozi aamuna, a Ngozo, ndi munthu wofatsa amene anagwira ntchito ku migodi ya ku Joni zaka zambiri. Nditapereka pempho langa anatsokomola, anayang'ana akazi awo, akazi awo anayang'ana nkhuku.

"Pepani akamwini," anatero a Ngozo, "sipuleya ija inasowa."

Munthu wanzeru akanati pepani n'kubwerera kwawo. Ine mtima unagunda ndi chimwemwe. Chinthu chasowa! Filimu yayamba!

"Musadandaule bambo," ndinatero, "wakubayo ndimugwira ine."

"Ayi, musavutike nazo."

"Si vuto bambo. Zoterezi ndimazidziwa."

Panthawiyo ndinali nditavala kale jekete la mvula, ndiye ndinangoimika kolala yake.

Ndinayambira m'kanyumba momwe amasungira makasu. Chitseko chinali chosathyoka, loko ali bwinobwino. Ndinapempha ufa pang'ono n'kuwaza pa chitseko kuti zala za wakuba zionekere. Zimene zinaonekera ndi nyerere basi, ndipo nkhuku zinabwera n'kudya umboni wonse umene unagwera pansi.

Tsopano ndinafunika munthu woyamba kumuganizira. Ndinasankha mlamu wanga Gidioni, mchimwene wa mkazi wanga, bambo wa ana anayi komanso mkulu wa kwaya. Ndinkadziwa kuti ndi wosalakwa, koma ndondomeko ndi ndondomeko, sungalumphe. Ndinam'peza akusenda nzimbe, ndinaika foni yanga pa mpando pakati pathu.

"Alamu, foni iyi imamva bodza. Mukanama ilira. Munali kuti Lachiwiri?"

"Lachiwiri lake liti?"

Apo ndinazindikira kuti sindinafunse tsiku limene sipuleya inasowa. Ndinangoti, "Lililonse."

"Alamu, mwadya chiyani kum'mawaku?"

Foni sinalire (ilibe nzeru zimenezo, ndinagula ya kaunjika), choncho ndinam'masula Gidioni. Iye sanathokoze n'komwe. Anapita kukanong'oneza mlongo wake.

Ndiyeno kunabwera kanthu kotembenuza nkhani kaja. Ndikupita kuseri kukadzithandiza, ndinadutsa m'munda wa apongozi. Abale anga, mbatata yake yobiriwira ngati ya pa kalendala! Chiwawu chagwira mudzi wonse, koma muno mulibe. Nditawerama ndinaona timadontho tobiriwira motuwa pa masamba, mankhwala opopera dzulodzulo. Sipuleya yosowa ipopera bwanji? Ndinatsala pang'ono kuvina. Wakuba sanali wakunja ayi, anali wa pakhomo pomwepo. Pobwerera ndinaona chitenje cha apongozi aakazi chili pa chingwe, pamsana pake pali banga la mtundu womwewo.

Mayi a Tadala anandikumanira pa nkhokwe, nkhope itauma.

"Bambo a Tadala, ndikukupemphani, zisiyeni izi. Tiyeni kwathu, tikabwereka kwina."

Chenjezo lija! Lafika nthawi yake yeniyeni!

"Wakutuma ndani?" ndinafunsa motsitsa mawu.

"Wandituma ndani? Bambo inu, mutu ukuyenda bwino? Ndikuti muchita manyazi."

"Onse amatero."

Mayi a Tadala anati, "Chabwino. Pitirizani. Koma osadzati sindinanene."

Ndinapempha kuti banja lonse likhale pansi pa mtengo wa pichesi. Anabwera a Ngozo, apongozi aakazi, Gidioni ndi mkazi wake, komanso azimayi awiri a chigwirizano cha ku tchalitchi amene anabwera kudzacheza ndipo anakana kuchoka ataona kuti kuli zinthu. Ine ndinaimirira (mkamwini kuimirira apongozi ali pansi, tangoganizani), manja kumbuyo, ndikuyenda uku ndi uku. Ndinafotokoza za loko wosathyoka. Ndinafotokoza za timadontho ta pa masamba. Ndinapuma pang'ono kuti mitima ikhale m'mwamba, chifukwa m'filimu pamenepa pamalira nyimbo. Kenako ndinakatenga chitenje chija pa chingwe n'kuchitambasula pamaso pa anthu onse.

"Amene anatenga sipuleya," ndinatero, "ndi mwini wa chitenje ichi."

Mmodzi wa azimayi a chigwirizano anagwira pakamwa. Mayi a Tadala anafunda mpango kumutu konse ngati ali pamaliro.

Apongozi aakazi anadzuka pang'onopang'ono, analowa m'nyumba, ndipo tinamva akukoka chinthu kunsi kwa bedi. Anatuluka atanyamula sipuleya ija n'kuiika patsogolo panga. Kunena zoona, kwa kamphindi ndinamva kukoma. Ndinayembekezera kuti wina aombe m'manja.

"Mwandigwira, akamwini," anatero. "Ndinaibisa ndine. Mukufuna mumve chifukwa chake, kapena filimu yanu yathera pomwepa?"

"Fotokozani mayi," ndinatero, koma mawu anali atayamba kuchepa.

"Chaka chatha munaibwereka. Munathiramo mankhwala opha udzu m'munda wanu wa chimanga, n'kuibweza osatsuka. Bambowa anathiramo mankhwala a tomato n'kukapopera dimba lonse. Patatha masiku atatu dimba linali ngati mwadutsa moto wolusa. Tomato yense, mpaka mbewu ya ku nazale."

Ndinayang'ana a Ngozo. Anali akutokosa pansi ndi kamtengo.

"Ine ndinafuna kubwera kwanu kudzakuuzani," anapitiriza mayiwo, "koma bambowa anati ayi, mkamwini sachititsidwa manyazi, akadzabweranso tidzangoti inasowa. Tinagwirizana tonse. Gidioni akudziwa. Mkazi wanuyo akudziwa. Ngakhale amayi awa akudziwa, tinapempherera dimbalo limodzi."

Azimayi a chigwirizano anagwedeza mitu onse pamodzi.

Sindikudziwa kuti ndinakhala pansi nthawi yanji. Ndinangopezeka ndili pa dothi lonyowa, chitenje cha apongozi chikadali m'manja, ndikuchipinda bwinobwino ngati ndi ntchito imene anandituma. Kolala ya jekete ndinaitsitsa mwakachetechete.

A Ngozo ndiwo anayamba kulankhula. Anafunsa mofatsa, ngati munthu wofunadi kuphunzira.

"Akamwini, ife ku Joni tinkaonera mafilimu a mahatchi okha. Awa anuwa amatha bwanji?"

"Wolakwa amagwidwa, bambo."

"Eya," anatero, "ndiye kuti mwaigwira bwino ntchito."

Gidioni anaseka mpaka nzimbe inam'tsamwa, mkazi wake anachita kum'menya pamsana.

Sipuleya anandibwereka ndithu, poti mbatata yanga sinalakwe kanthu. Koma poibweza apongozi aakazi anandikhazika pa chitsime, ndinaitsuka kasanu ndi sopo iwo ataima pambali, ndipo ulendo uliwonse ankainunkhiza n'kunena kuti, "Bwerezani." Nyengo ya dimba itafika ndinakalima tomato wawo ndekha, kuyambira kufesa mpaka kuzika timitengo, popanda wondituma. Gidioni mpaka pano akandiona amatulutsa foni yake n'kuiika pakati pathu asanandipatse moni.

Ndinaphunzirapo kuti munthu wamkulu akakuuza kuti chinthu chinasowa, akazi ake n'kuyang'ana nkhuku, umangoti pepani. Komabe, tili pa njinga tsiku lija, ndinalephera kupirira. Ndinauza mayi a Tadala kuti tikaunika bwino, ndondomeko yonse inayenda mmene ndinanenera, palibe pamene ndinaphonya. Anandiuza kuti ndiime. Anatsika, anamangirira sipuleya pakaliyala, ndipo mtunda wonse wotsalawo anayenda wapansi, patsogolo panga, osacheuka.