Maminitsi a Masamba Khumi ndi Anayi

Kwathu ku Nachisaka mukafunsa za pulogalamu ya m'foni ija yomva mawu a munthu n'kuwalemba yokha, akuuzani kuti ndi yabodza. Ngakhale ana a sukulu amatero. Amene anaiipitsira mbiri ndine, ndipo lero ndati ndiulule chifukwa nkhaniyi yandikhala pakhosi nthawi yaitali.

Ndine mphunzitsi. Chaka chatha akhristu a pa tchalitchi chathu chaching'ono (Abambo ansembe amafikako kamodzi pamwezi, msewu ukalola) anandisankha kukhala mlembi wa komiti yomanga tchalitchi chatsopano. Ndinalowa m'malo mwa Mayi Nankhoma, amene anagwira cholembera zaka zambirimbiri mpaka maso anayamba kuwavuta. Atandipatsa kope lawo la maminitsi ndinaseka chamumtima. Msonkhano wa maola atatu iwo ankaulemba mizere itatu: "Tinatsegula ndi pemphero. Tinakambirana za maziko ndipo tinagwirizana. Tinatseka ndi pemphero." Ndinati uwu ndiye ulesi. (Munthu ukazolowera kulemba pa bolodi umayesa nzeru zonse zinathera kwa iwe.)

Mnzanga wina womasulira zilankhulo ku Dzaleka ndiye anandiikira pulogalamuyo. "Umangojambula mawu, iyo n'kulemba," anatero. "Chichewa imayesetsa ndithu, bola anthu azilankhula mokweza." Mawu omalizawo ndikanawaganizira bwino.

Tsono nkhani inali ya njerwa. Tinali titawotcha uvuni m'munda mwa a Chimphepo, kutsidya kwa dambo, ndipo njerwazo zinkafunika kututidwa mvula isanagwe, chifukwa dambo lija likangomwa madzi ngolo siidutsa mpaka nthawi yokolola. Ngolo ndi ng'ombe zinali za a Mbewe. Popanda a Chimphepo palibe njerwa, popanda a Mbewe palibe chonyamulira. Akuluakulu awiriwa akhala paubwenzi kuyambira pamene a Chimphepo anachoka kwawo ku Ntchisi kudzakwatira kuno, koma ubwenzi wake ndi wa mano ndi lilime: sasiyana, komanso kulumana sikusowa.

Loweruka pa msonkhano wa komiti ndinapempha chilolezo n'kuika foni patebulo. Anthu anaiyang'ana pang'ono, kenako anaiiwala. Mkangano unabuka pa njira yodzera ngolo. A Mbewe ankafuna kudula pakati pa munda, a Chimphepo ankati mizere yawo anaunga kale. Analalatirana ndithu, mitsempha ya m'khosi kuonekera. Koma pomaliza atcheya anawayanjanitsa, anagwirizana kuti ngolo idzadzera m'mphepete kuyambira Lolemba la sabata inayo, anagwirana chanza, ndipo a Mbewe anakweza a Chimphepo panjinga popita kwawo. Nkhani inathera pomwepo. Kwa aliyense, kupatula foni yanga.

Pulogalamu ija inalemba zonse. M'kati mwa sabata ndinakwera kabaza mpaka ku boma kukasindikiza, ndipo panatuluka masamba khumi ndi anayi, otenthera bwino. Ndinawerenga tsamba loyamba lokha, lomwe linali pemphero, ndinaona kuti lili bwino, n'kupinda zonse mu envulopu. Safunsa anadya phula, koma ine ngakhale kudzifunsa ndekha sindinadzifunse.

Lamulungu mapemphero atatha, atcheya anati maminitsi awerengedwe pamaso pa mpingo wonse poti njerwa ndi za aliyense. Mpingo wonse ndiye kuti akazi awo a akuluakulu aja, ana awo, alamu awo, ndi ena ongobwera kudzaona. Ndinaimirira, ndinakonza kolala, n'kulengeza kuti masiku olemba mizere itatu anapita. Mayi Nankhoma anangogwedeza mutu ali pa benchi yawo.

Masamba oyambirira anayenda bwino. Pamene anthu ankalankhula motsitsa, makina ankaphonya mawu ena, ine n'kumakonza powerenga. Koma pamene anakweza mawu, makina aja sanaphonye ngakhale kamodzi. Ndipo ife aphunzitsi tili ndi matenda: pakamwa pamathamanga, mutu n'kumabwera pambuyo. Ndinangozimva ndikuwerenga tsamba lachisanu ndi mawu anga a m'kalasi:

"Ng'ombe zanuzo nthiti zili pamtunda ngati denga losafolera. Kodi mumazidyetsa mapemphero?"

Anthu anaseka. Makina sanalembe maina, koma panalibe amene sanadziwe mwini mawuwo ndi mwini ng'ombezo. Ine kumva kusekako ndinayesa akuyamikira luso, ndiye ndinapitiriza.

"Inu khasu munaligwira liti? Mizereyo anaunga ndi akazi anu, inu mumalima bawo."

Kuseka kunachepa. Apa munthu wanzeru akanakhosomola n'kulumpha masamba atatu. Ine maso anali atatsikira kale pamzere wotsatira, ndipo pakamwa panatsatira maso.

"Ndipo munda mukuukanizawo si wanu. Ndinu mkamwini chabe, dothi lino mulibe nalo mawu."

Kuseka kunatheratu. Loweruka lija mawu amenewa ananenedwa pakati pa anthu asanu ndi awiri, mitima itatentha, ndipo anakhululukidwa tsiku lomwelo. Tsopano ine ndinali nditawadzutsa, nditawaveka jekete, n'kuwaimika kutsogolo kwa alamu a a Chimphepo. Akazi a a Chimphepo anakokera chitenje kumaso. Ndinamva manyazi amene sindinawamvepo chibadwire.

A Chimphepo anatola chipewa chawo. "Njerwa zikhale pomwe zilipo," anatero motsitsa. "Mkamwini sangaloleze ngolo m'munda wa eni."

"Ng'ombe zanganso ndi zowonda, sizingathe," anayankha a Mbewe akuyang'ana pawindo.

Pawindo pomwepo mitambo inali itayamba kusonkhana pamwamba pa mapiri.

Atcheya athu ndi munthu wotsata ndondomeko ngakhale nyumba ikupsa. Anafunsa funso la masiku onse: "Kodi maminitsiwa ndi oona?"

Anthu anayang'anizana. Kuvomera kunali kusainira chipongwe, kukana kunali kunama m'nyumba ya Mulungu. Kenako Mayi Nankhoma anaimirira pang'onopang'ono, atagwira benchi.

"Atcheya, ine pamsonkhanopo ndinalipo. Maso ndiwo anatha, koma makutu ndi abwinobwino. Zimene awerenga aphunzitsizi ine sindinazimve."

"Inenso ayi," anatero wina wa m'komiti. Wachitatu anati iye anamva za njira ya ngolo basi.

A Mbewe anakanda kumutu. "Ine ndinganene mawu otero kwa achimwene angawa? Munthu amene ana ake ndinawaimira pa ubatizo?"

A Chimphepo anali ataima pakati pa benchi ndi khomo, chipewa chili m'manja. Anachitembenuza kawiri. "Ng'ombe za a Mbewe ndi zonenepa," anatero. "Aliyense akudziwa."

Ndiye mitu yonse inatembenukira kwa ine.

"Aphunzitsi," anatero atcheya, "kodi makina anuwa salakwitsa?"

Foni inali m'thumba la malaya, pamtima penipeni, ndipo munali liwu lililonse monga linatulukira m'kamwa mwa eni ake. Kungodina kamodzi, mpingo wonse ukanadziwa kuti ine sindinapeke kanthu. (Musaiwale kuti ndinali nditangodzitama kumene, ndipo ana anga a Sitandade 6 anali atakhala kutsogolo.) Ndinayang'ana foni, ndinayang'ana chipewa cha a Chimphepo, ndinayang'ana mitambo ija.

"Amalakwitsa kwambiri, atcheya," ndinatero. "Chichewa sanachidziwebe. Akasowa cholemba amangopeka."

Mpingo unapuma mpweya pamodzi. Wina kumbuyo anati zinthu za masiku ano n'zosadalirika, wina anati anazidziwa kale. A Chimphepo anabwerera pa benchi. Atcheya anapempha Mayi Nankhoma kuti anene maminitsi a pamtima, ndipo iwo anati tinatsegula ndi pemphero, tinakambirana za njerwa ndipo tinagwirizana kuti ngolo iyamba Lolemba, tinatseka ndi pemphero. Atafunsa ngati ali oona, tchalitchi chonse chinavomera, a Mbewe ndi a Chimphepo mokweza kuposa onse.

Potuluka ndinakawapepesa mayi aja. Sanandinyoze. Anangondigwira dzanja n'kunena kuti, "Mwana wanga, mlembi salemba zimene anthu ananena. Amalemba zimene anagwirizana. Zinazo amazisiya zigwe pansi, nkhuku zitole."

Ngolo inayamba Lolemba, ndipo njerwa yomaliza inawoloka dambo kutatsala masiku awiri kuti mvula igwe. Makoma afika pa mawindo tsopano. Pulogalamu ija ndimaigwiritsabe ntchito, chifukwa kunena zoona ndi yabwino ndipo siiwala tsiku kapena nambala. Kungoti masiku ano ndimawerenga zonse ndekha kunyumba, ndimatolamo mizere itatu kapena inayi, zotsalazo n'kufufuta. Makina amamva bwino kuposa ine, koma sadziwa mawu amene anakhululukidwa kale.

Tsiku lotuta ulendo womaliza, a Chimphepo anandikokera kuseri kwa ngolo, anayang'ana uku ndi uku, n'kunong'ona.

"Aphunzitsi, mapepala aja munataya? Tsamba lachisanu lija mundisungire. Za nthiti zija ndinalankhula bwino."

Ndinawakumbutsa kuti makina aja ndi abodza. Anaseka mpaka chipewa chinagwera m'ngolo.