Mango a aZulu

Lolemba
Masabata atatu chiwaikire m'manda amuna anga, aZulu. Lero balandilodi akuti mtengo wa mango ugwa Loweruka, akufuna kumanga zipinda ziwiri. Mtengo umene aZulu anabzala chaka chimene tinafika muno mu komboni ya Mtendere! Iwo ankakhulupirira njere: kudya, kuyamwa, kuponya kuseri. Ine ndinawerenga kuti njere imatha kubala mango ena osafanana ndi make. Ukafuna mtengo womwewo, umezanitse nthambi yake pa kamtengo kena. Tinakangana zaka zambiri. Ndiupulumutsa ndi njira yanga.

Lachiwiri
Zofunika: lezala, pulasitiki yomangira, timitengo tating'ono, manja osanjenjemera. Timitengo tilipo kuseri, tinamera pa njere zimene aZulu ankaponya. Manja ndiwo palibe.

Lachitatu
Ndikudula tinthambi khumi, ndikutisiya pakhonde, ndikupita kukatunga madzi. Pobwera, aneba anga bana Mwila akolezera nato mbaula. "Koma nkhuni zanu ni ziwisi, vautsi chabe!" Ndikupepesa ndine.

Lachinayi
Kudulanso. Ndamezanitsa timitengo tisanu, chala chimodzi ndacheka. Pulasitiki yoyera yasowa, ndamanga ndi yakuda. Buku likuti ndidikire masabata atatu. Buku silidziwa balandilodi.
Madzulo ndatulutsa makapu awiri. Ndabweza imodzi.

Lachisanu
Azimayi a kutchalitchi abwera kudzandipepesa. Ine ndili m'nyumba kuwaphikira tiyi, iwo akusesa kuseri. Mwadzidzidzi nyimbo yaphulika! Ndikutuluka: timitengo tonse tisanu tazulidwa, tili pamoto.
"Amake Tisa, musayope," akutero amayi atcheya. "Vomanga na vakuda pa nyumba ya maliro? Aliko amene anavichita, koma tavitentha!"
Andipempherera ola lathunthu. Anayenda wapansi kuchokera ku Kalingalinga chifukwa cha ine. Ndinganene bwanji? Ndayankha ameni.

Loweruka
Anyamata a nkhwangwa afika ndisanasambe. Pofika masana bwalo lili mbee, dzuwa likulowa mpaka pampando wa aZulu. Nthambi zili mbwee, koma pomezanitsa palibe. Ndatseka buku.

Lamulungu
Sindipita kutchalitchi, angandifunse ngati ndagona bwino. Kuseri kwa bafa, pamene pamadutsa madzi, ndapeza kamtengo kamodzi kamene azimayi sanakaone. Masamba anayi, njere ikadali kunsi. Winawake anaiyamwa mpaka kuyera.
Ndakaika m'chitini cha penti. Kadzabala patapita zaka, mwina mango aulusi, mwina owawasa. Sikadzakhala mtengo uja, ndikudziwa, ndinawerenga.
Mwapambana, aZulu. Ndathirira.