Nyimbo ya Ulendo wa Malemu Bambo

Lolemba
Pulani yatheka! Nyimbo imodzi ya chamba cha roko, mphindi makumi awiri, yofotokoza momwe malemu bambo anathawira nkhondo ku Mozambiki wapansi. Zigawo zinayi:
1. Mfuti
2. Mtsinje wa ng'ona
3. Njala
4. Limbe
Gitala ndine. Ng'oma ndi a Isa, dalaivala wa minibasi. Kiyibodi ndi Felista wa kwaya yakutchalitchi kwathu. Kuofesi ndauza kale aliyense kuti zotere m'Malawi muno sizinamvekepo.

Lachiwiri
Kuyeserera. Gawo la mtsinje timawerenga kugunda kwa ng'oma mpaka kasanu ndi kawiri, osati kanayi. A Isa akuyesa, akuponya timitengo toimbira pansi. "Achimwene, nyimbo yanuyi ikutsimphina. Tayala limodzi laphwa." Ndikuwauza kuti kutsimphinako ndiye luso. Ndikuwaonetsa ndekha. Ndikusokonezeka pa kachisanu. Felista maso kudenga.

Lachitatu
Situdiyo ya ku Chirimba, kuseri kwa chigayo. Ife tikujambula "Njala", chigayo chikugaya chimanga! Chikangosiya, magetsi thii.

Lachinayi
Ndakatenga amayi ku Nancholi kuti adzalankhule mawu otsegulira nyimboyi kusitudiyo. Ine ndikukhwacha gitala pansipansi, iwo pa maiki:
"Nkhondo yake iti? Bambo ako anabwera nkhondo isanafike kwawo, pa lole ya kokonati, ali mtulo. Ankanditsatira ine. Ng'ona anaiona koyamba pa kalendala."
Wojambula mawu wabisa nkhope m'chipewa, mapewa akugwedezeka. Nkhaniyitu ndinaimva kwa bambo eni ake, ndili mwana!
"Anali atamwa," akutero amayi, n'kupitiriza kwa mphindi khumi.

Lachisanu
Zochotsa:
Mfuti.
Ng'ona.
Njala (akuti anadya kokonati njira yonse mpaka kutsegula m'mimba).
Uthenga wa a Isa potuluka kumzikiti: "Ya munthu wogona pa lole ndiye ndingaimbe bwino. Ndimawanyamula tsiku lililonse."
Kuofesi akufunsa kuti itulutsidwa liti. Chamasana ndadyera m'chipinda cha mafayilo.

Loweruka
Chatsala ndi "Limbe", mphindi zisanu ndi imodzi. Ndikuiliza pabalaza, abale atchera khutu. Pa mphindi yachinayi azakhali akufunsa mwaulemu: "Kodi iyamba nthawi yanji?"
Ndalakalaka pansi patang'ambika.

Lamulungu
Wojambula wanditumizira mawu a amayi aja. Ndinangopatsa mchemwali wanga wa ku Joni, pofika masana afika kwa abale onse. Mchemwali akuti walira. Pempho lake ndi limodzi: "Kagitala kakusokosa kumbuyoko, sangakachotse?"
Ndamuuza wojambula akachotse.
Ndamvetsera ndekha kawiri. Pamene akunena za bambo akutsika pa lole ndi nsapato imodzi, amayi akuseka mpaka kutsokomola. Chimwalirireni bambo sindinawamvepo akuseka choncho.
Mawa kuofesi ndingonena kuti tikadali kukonza.