M'kamwa mwa Apongozi

Pa zaka zonse zimene ndakhala ndikuthandiza dokotala wa mano, ndaona magazi, mafinya ndi azibambo a ndevu zawo akukomoka. Koma Lachiwiri lija ndinalakalaka ndikanangokhala wogulitsa tomato.

Ine kwathu ndi ku Dedza, ndinakwatiwa kwa Atumbuka, tikukhala ku Zolozolo. Kubanja kwa amuna anga, mkamwana sayang'ana apongozi aamuna kumaso. Umagwada chapatali, maso pansi, mawu pang'ono. Dzina loti "mkazi waulemu" ndinalivutikira ndi mawondo angawa.

Tsikulo ndinali nditaima kuyambira m'mawa, msana ukuwawa, tiyi osamwa. Kenako wodwala wina analowa atagwira tsaya. Apongozi! (Amuna anga anaiwala kundiuza kuti bambo awo akubwera kuchokera kumudzi. Mlandu umenewo tinakamba patokha.) Mnzanga wa pantchito anali pa tchuthi, pothawira panalibe. Ndinakweza masiki mpaka m'maso, n'kudzinamiza kuti sandizindikira.

Dzino lawo linali lakumapeto, logona chammbali, lofunika kucheka nkhama. Atangoona jakisoni, apongozi, munthu woti akatsokomola pakhomo ponse pamakhala zii, anandikanyanga dzanja, misozi ili mbwee.

"Amama ine! Nafwa!"

Ntchito yanga inali kugwira kapaipi koyamwa malovu ndi magazi. Tsono thupi lili ndi chizolowezi chake: mawondo anayamba kupinda okha, maso n'kuthawira pa kalendala ya pakhoma. Kapaipi kaja kanakamata lilime la apongozi, osafuna kulisiya.

"Sisita, mukuthandiza kalendala kapena wodwala?" anakalipa dokotala.

Ndinayang'ana basi. Zaka zonsezi nkhope yawo sindinkaidziwa bwinobwino, koma tsiku limenelo ndinayambira kummero.

Dokotala atamaliza kusoka, ndinakulitsa mawu ngati mwamuna. "Lumani thonje. Osalavula, osachukucha. Zotentha ayi, zolimba ayi."

"Yewo chomene, mkamwana," anatero, thonje lili m'kamwa. "Nsapatozo ndimaziona pakhomo paja. Kweni za kulirazi zithere muno. Tamvana?"

"Tamvana, adada."

Nditaweruka ndinawapeza pakhonde kwathu akupemerera tiyi wofuka nthunzi, chimanga chokazinga chili m'mbale. Ndinagwada chapatali.

"Adada, mwina tiyiyo akanazizira kaye."

Kunena zoona, ngakhale nkhuku sizinandimve. Iwo kapu ulendo kukamwa. M'mutu mwanga ndinaona bala likutseguka, magazi akuyambiranso, mawa ine ndemwe nditaima ndi kapaipi kaja. Abale, ndinali nditatopa, ndipo kutopa kunaposa ulemu. Ndinatsegula chikwama, n'kuvala masiki, n'kuimirira.

"Ikani kapuyo pansi. Chimangacho bweretsani kuno."

Anaika, n'kundipatsanso mbale ndi manja awiri. Apongozi aakazi, omwe anabwera nawo kuchokera kumudzi, anagwira pakamwa. Amuna anga anakumbukira mwadzidzidzi kuti kuseri kwa nyumba kuli ntchito.

Dzina la mkazi waulemu linathera pakhonde pomwepo. Kumudzi tsopano amati mwana wawo anakwatira "sisita wa ukali", ndipo sindingadziteteze, poti za misozi zija ndinalonjeza. Zimandiwawa, sindinama. Bala lokha ndiye linapola bwinobwino.

Mpaka lero ndimagwadabe, maso pansi. Koma masiki sachoka m'chikwama, ndipo apongozi akangomva zipi ikulira, amayamba okha kukankhira kapu kutali.